Diso Losatsinzina la Jenoveva

Ndinabadwira pamalire, pamene msewu umodzi umagawa maiko awiri. Tsidya lino ana amaphunzira Chingerezi, tsidya linalo amaphunzira Chipwitikizi, koma ng'ombe zikalowa m'munda wa mwini onse amakalipirana m'Chichewa. Ine ndinaphunzira pang'ono uku, pang'ono uko, malinga ndi kumene kunali mtendere chaka chimenecho. Ndinakula ndili ndi zinenero zitatu m'kamwa koma ntchito ndilibe.

Mlongo wanga Jenoveva, amene ndinapondana naye pamutu, anakwatiwa tsidya la Chipwitikizi. Anali munthu wa phwete. Akaseka ali kudimba, ife kumudzi tinkadziwa kuti wabwera kudzationa. Atangochira mwana wake woyamba, wamkazi, anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti madzi otsukira m'kamwa akutayikira pachifuwa. Mbali ya kumanja ya nkhope yake inali italendewera ngati nsalu yonyowa. Pakamwa panakokekera kumanzere. Diso la kumanja linakana kutsinzina. Akayesa, linkangotembenukira m'mwamba n'kusiya choyera chokha.

Apongozi ake anati chinachake chamumenya mbama ali mtulo. Anamutemera mphini patsaya, anamufukiza, koma nkhope sinabwerere. Mwamuna wake, alamu anga a Dominiko, ankangoyang'ana pansi. Ndinamukweza Jenoveva panjinga, mwana ali kumbuyo, n'kupita naye kuchipatala cha tsidya lawolo.

Kumeneko tinapeza Dona Ermelinda, mayi wamtali wochokera kunyanja ya mchere. Anali wa mafizo, aja amaphunzitsanso ziwalo zakufa kugwira ntchito. Chichewa sankachidziwa, choncho ine ndinaima pakati pawo. Iwo anati mtsempha woyendetsa nkhope wagona, ndipo kwa anthu ambiri umadzuka wokha. Anapatsa Jenoveva mankhwala odonthezera m'diso ndi pulasitala womatira chikope pogona. Tinadikira. Chimanga chinacha, chinakololedwa, koma mtsempha sunadzuke.

Titabwereranso, Dona anandikhazika pansi. Anati kumzinda waukulu kuli madokotala otha kulumikiza mtsempha wina ndi kupulumutsa diso, koma mabedi ndi ochepa. Salandira munthu chifukwa cha kalata yongoti akudwala kwambiri. Amafuna nambala yochokera pa muyeso wovomerezeka wa nkhope, yosonyeza kuti yafa mpaka pati. Muyesowo unalipo, koma m'Chingerezi. Anamwino a dziko limenelo amawerenga Chipwitikizi, ndipo panalibe amene anali atautembenuza ndi kuuyesa pa anthu mpaka akuluakulu atauvomereza.

"Ndayamba ntchito imeneyi," anatero Dona. "Koma odwala anga sandimva, ine sindiwamva. Inu mumatimva tonse."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji, Dona?"

"Mvula imodzi."

Nditamufotokozera Jenoveva, anagwira tsaya lakugwalo ndi dzanja kuti mawu atuluke bwino. "Pitani, achimwene. Koma mufulumire. M'disomu muli ngati mwathiridwa mchenga."

Tawuni yoyamba inali ya maofesi. Munali mitengo yopakidwa laimu m'tsinde ndi amesenjala ogona pansi pake. Tinkakhala m'chipinda cha tebulo lalitali: Dona, namwino wachibambo dzina lake Baltazar, mphunzitsi wina wokalamba wa Chipwitikizi, ndi ine. Muyeso wonse unali tsamba limodzi. Wodwala amauzidwa kuti akweze nsidze, atsinzine, amwetulire, akwinye mphuno, asongole milomo, ndipo woyesa amalemba nambala malinga ndi momwe mbali yodwala yayendera poyerekeza ndi yabwino. Ndinauwerenga ndili chiimire n'kuganiza kuti pofika Loweruka tikhala titamaliza.

Kumeneko ndinaphunzira kuti mawu sawoloka okha. Tinautembenuza m'Chipwitikizi. Kenaka Dona anaupatsa munthu wina amene sanaonepo Chingerezicho kuti aubweze m'Chingerezi, kuti tione ngati wabwerera momwe unachokera. Sunabwerere momwemo. Mawu okwinya mphuno ndi kukweza mlomo wa m'mwamba, m'Chingerezi ndi mawu a galu akamaopseza, ndipo anabwerera akuti wodwala aziuwa. Mphunzitsi wokalamba uja ankafuna Chipwitikizi cha kutsidya la nyanja, cha m'mabuku ake. Baltazar ankati kuno palibe amene amalankhula choncho, ngakhale bishopu. Liwu limodzi linkatidyera sabata.

Pansi pa mzere uliwonse wa Chipwitikizi panayenera kukhala mawu a Chichewa oti auzidwe wodwala, omwewo tsiku lililonse, osawonjezera, osachotsera. Imeneyo inali ntchito yanga. Ndinati tilembe kuti, "Kwinyani mphuno ngati mwamva fungo la dzira lovunda." Mphunzitsi anati m'Chingerezi mulibe dzira. Analichotsa.

"Mukasintha mawu, mwasintha muyeso," Dona ankandiuza. "Munthu wa lero ndi wa mawa amve zofanana."

Pamene tinkatuluka m'tawuni imeneyo, mvula imodzi ija inali itatha kale.

Tawuni yachiwiri inali ya msika. Fungo la anyezi ndi usipa linkalowa mpaka m'wadi. Anatipatsa kachipinda kokhala ndi zenera limodzi ndi mpando wa mwendo umodzi waufupi. Wodwala ankakhala moyang'ana kuwala. Dona ankakhala kuno, Baltazar uko, aliyense ndi pepala lake, osaonetsana, chifukwa cholinga chinali kuona ngati anthu awiri oyang'ana nkhope imodzi angalembe nambala yofanana. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo n'kumatchula mawu anga.

Anthu anabwera ambiri kuposa momwe ndinkaganizira. Sindinkadziwa kuti nkhope zakugwa zilipo zochuluka chotero, chifukwa eni ake amakhala kuseri kwa nyumba. Ena anabwera atafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo.

Mmodzi anali mayi Dolifa, wogulitsa anyezi. Anakweza nsidze, imodzi inakwera. Anatsinzina, diso limodzi linatsinzina. Kenaka ndinati, "Sekani kuti mano aoneke."

Anandiyang'ana. "Ndisekere chiyani?"

"Sekani kuti mano aoneke," ndinabwereza, poti sindinkaloledwa kuwonjezera.

"Bambo inu, kumsika akundiseka. Ana akundiyeserera. Ndiye mwandiitanitsa kuti nanenso ndidziseke?"

Anakoka chitenje n'kutseka pakamwa. Dona anandifunsa chimene chalakwika, ndinawauza. Anati ndinenenso mofatsa. Ndinanenanso mofatsa. Mayi Dolifa anangosuntha milomo pang'ono ngati munthu amene akumeza mankhwala owawa, ndipo awiri aja analemba manambala awo.

Masana ake tili pakhonde, mbuzi inalanda Baltazar chitumbuwa m'manja iye akuyang'ana kumbali. Mayi Dolifa anali pomwepo kudikira mnzawo. Anaseka mpaka kugwira chipupa, ndipo ndinaona ndi maso anga tsaya lodwala lija likukwera kuposa momwe linachitira m'chipinda. Dona anaonanso. Koma pakhonde sipayesedwa munthu.

Anthu ambiri anachita ngati mayi Dolifa. Ena anali ndi maliro kwawo. Amayi achikulire sankafuna kusekerera pamaso pa mwamuna wachilendo. Pa mawu okwinya mphuno, opanda dzira aja, ambiri ankangotsinzina kapena kufwenthera. Potsiriza Dona anasonkhanitsa mapepala onse n'kuwamanga ndi chingwe.

"Mawu athu ndi olakwika," anatero. "Tiwakonze."

"Nanga anthu onse tayesawa?"

"Amva mawu akale. Sangawerengedwe pamodzi ndi amene adzamve atsopano."

Tinabwerera kutawuni ya maofesi. Mitengo inali itapakidwanso laimu. Tinachotsa kuseka n'kulemba kuti, "Onetsani mano onse." Dzira lovunda linabwerera pamalo pake, ndipo mphunzitsi wokalamba anasaina ngati sanalikanepo.

Ndinadzera kwa Jenoveva. Mwana, amene anamutcha Selina, anali akukwawa. Jenoveva anali atamanga kansalu kudiso chifukwa cha fumbi, ndipo misozi inkatsika mbali imodzi yokha ngakhale sankalira. Ndinaona kuti alamu anga akudyera panja, iye m'nyumba.

"Mwabweretsa nambala yanga, achimwene?"

Ndinamuuza kuti Dona anamulembera nambala n'kuitumiza kumzinda, koma inabwezedwa, ati muyesowo sunavomerezedwe. Ndinamupatsa mankhwala ena a m'diso ndi pulasitala.

"Pulasitalayu amamatuka ndikatuluka thukuta," anatero. "Ndimadzuka diso lili gwa, louma ngati chikopa. Kwatsala pang'ono?"

"Pang'ono."

Tawuni yachitatu inali ya malasha. Fumbi lakuda linkakhala pa masamba, pa zovala zoyanika, ngakhale pa mkate. Anatipatsa kachipinda ka zenera limodzi. Mpando wake unalinso ndi mwendo waufupi, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati tinkayenda nawo kapena unkatitsogolera. Ndinali nditayamba kuona nkhope iliyonse ngati zibenthu ziwiri. M'basi ndinkayang'ana kondakitala n'kumayerekeza nsidze zake. Wansembe akamalalikira, ine ndinkaona kuti mlomo wake wakumanzere ukuchedwa.

Kumeneko mawu athu anagwira ntchito. Anthu ankaonetsa mano popanda kufunsa, ankakwinya mphuno, ena mpaka kulavula. Ndinayamba kukhulupirira kuti tafika.

Kunabwera bambo Pasikale, woimba lipenga m'bandi ya tchalitchi. Analibweretsa lili m'thumba la ufa. Atasongola milomo, mpweya unathawira kumbali. Anatulutsa lipenga popanda womuuza, analiika pakamwa, ndipo linangoti fuu ngati tayala lobooka.

"Ndaliimba chiyambire unyamata wanga," anatero. "Maukwati onse a m'tawuni muno, maliro onse. Tsopano andipatsa ng'oma yaikulu kuti ndizingomenya. Muwauze adokotalawa kuti sindikufuna kukongola. Ndikufuna mlomo utseke."

Ndinawauza. Onse awiri analemba.

Mwezi utatha, Dona anaika mapepala ake pambali pa a Baltazar. Sanagwirizane. Pa munthu aliyense, nambala ya Baltazar inali yoipirapo. Dona anayamba aganiza kuti mwina kuwala kwa zenera kumagwa mosiyana, ndiye anasinthana malo. Sizinasinthe. Tsiku lina anamufunsa Baltazar maso ndi maso, ine ndili pomwepo.

Baltazar sanakane. "Bambo wa lipenga uja akufunika bedi," anatero. "Ndikalemba zimene ndaona, kumzinda adzati ali bwinoko, adikire. Ndawaona anthu odikira. Ndimawawonjezera pang'ono kuti adzalowe."

"Mapepala awa satengera munthu kubedi!" Dona anakuwa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. "Palibe amene alowe mpaka manambala anu ndi anga atafanana. Mwawatsekera nokha chitseko."

"Ine ndine namwino, Dona. Sindine sikelo ya pachigayo."

Ankalankhula Chipwitikizi onse awiri, choncho panalibe choti nditanthauzire. Ndinaima ndi manja kumbuyo. Ndinkafuna kumugwira Baltazar pakhosi, komanso ndinkadziwa kuti akanakhala kuti akuyesa mlongo wanga, ndikanamupempha kuti achite zomwezo. Baltazar anachoka sabata yomweyo. Mapepala a m'tawuni ya malasha anamangidwa ndi chingwe. Bambo Pasikale anatiperekeza pokwerera basi, akufunsa tsiku loti adzamve zotsatira.

Ndinadzeranso kwa Jenoveva, koma sindinamupeze tsidya lija. Alamu anga anali atatenga mkazi wina, ndipo iye anali atabwerera kwathu. Selina anali akuthamanga. Atandiona anamwetulira, koma anamwetulira mbali ya kumanzere yokha.

"Anthu akuti ndamupatsira," anatero Jenoveva. "Amayi ena akuletsa ana awo kusewera naye."

Ndinamuitana mwanayo n'kumuuzira mpweya kumaso. Anatsinzina maso onse awiri. Ndinamugirigisha m'khwapa, ndipo anaseka ndi nkhope yonse.

"Alibe kanthu," ndinatero. "Akungotengera iwe. Nkhope imene amaiona kwambiri ndi yako."

Jenoveva anamasula kansalu kaja. Pakati pa diso panali kadontho koyera ngati mkaka wagwera m'madzi.

"Mbali iyi ndikuona ngati kuli utsi," anatero. "Musandiuzenso kuti pang'ono, achimwene. Mungondiuza kumene mukupita."

Tinkapita kutawuni ya pamtsinje. M'malo mwa Baltazar munabwera Sista Benedita, wosalankhulalankhula, amene Dona anamuphunzitsa miyezi ingapo asanamulole kugwira pepala. Kachipinda kanali ndi zenera limodzi, ndipo pa zeneralo pankaoneka madzi. Manambala a Sista ndi a Dona anafanana. Koma panali chinanso chofunika. Munthu aliyense anayenera kuyesedwa kawiri, patadutsa masiku ochepa, kuti zioneke ngati muyeso umanena zomwezo lero ndi mkuja.

Odwala ambiri ankachokera kutsidya la mtsinje. Tinawayesa koyamba, tinawauza tsiku lobweranso, ndipo usiku wake mvula inagwa kumapiri. Mtsinje unadzaza mpaka kumiza mitengo ya m'mbali. Amabwato anakokera mabwato awo kumtunda. Tinkakhala m'kachipinda tonse atatu, mpando uli wopanda munthu, n'kumayang'ana madzi akudutsa ndi nthochi, madenga ndi mbuzi zotupa.

Madzi ataphwa, anthu anayamba kubwera mmodzimmodzi, mwezi wathunthu utadutsa. Panabwera mtsikana wina amene tinamuyesa nkhope ili yokhota kwambiri. Analowa akuvina, nkhope ili yowongoka ngati sanadwalepo.

"Ndachira! Taonani, ndikutha kuimba likhweru!"

Analiimbadi. Dona anamukumbatira. Mtsikanayo atatuluka, Dona anatenga pepala lake n'kuliika pambali, chifukwa nkhope imene tinayesa koyamba sinalinso imene yabwerayi. Ena anabwera atachira pang'ono, ndipo mapepala awonso anapita pambali. Ndinadzipeza ndikuyang'ana pakhomo n'kumalakalaka kuti wolowa akhale asanachire. Ndinatuluka panja n'kukakhala kuseri kwa thanki ya madzi mpaka mtima utatsika.

Nditabwerera ndinati, "Dona, tisamawadikire. Tiziwatsata kwawo."

Ndinkadikira kuti anene kuti kuwala kwa kumudzi n'kosiyana ndi kwa m'chipinda. Koma anati, "Tipeze mthunzi wofanana, ndipo munyamule mpando."

Tinawoloka pabwato, mpando uli pamutu panga. Tinayenda m'midzi ya matope, ya bango, ya agalu oonda. Mudzi uliwonse unali ndi mtengo wa mango, ndipo pansi pake tinkakhazika munthu n'kumuuza kuti akweze nsidze, anansi atazungulira. Patapita masiku ochepa tinkabwereranso pansi pa mtengo womwewo, kapena wina wofanana nawo. Dona anadwala malungo kawiri. Nsapato zanga zinathera m'matope amenewo. Sindikumbuka kuti midziyo inali ingati, koma tsiku lina Dona anawerenga mapepala, anawerenganso, n'kunena kuti akwana.

Unatsala mzinda waukulu. Kumeneko kunalibe odwala oti tiyese, kunali makonde. Tinapereka mapepala pawindo lina, anatiuza kuti tibwere mawa. Mawa lake wosaina anali kumaliro. Sabata yotsatira anali kumsonkhano kuhotela. Atabwerako anali atasamutsidwa, ndipo wolowa m'malo mwake anafunsa ngati eni ake a muyeso wa Chingerezi, kutsidya la nyanja, anatipatsa chilolezo. Dona anati anatipatsa kalekale, kalata ili m'faelo. M'faelo munalibe. Tinalembanso kutsidya la nyanja n'kudikira.

Ndinkagona kwa msuweni wa Sista Benedita, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapeza Dona atakhala kale pabenchi, chikwama chili pamiyendo. Tsitsi lawo linali litayamba imvi. Pabenchi yomweyo pankakhala anthu ena ndi mafaelo awo, wina wa zitsime, wina wa katemera wa nkhuku, ndipo tinkapatsana moni ngati anthu a mudzi umodzi. Jakaranda wa panja anachita maluwa, anayoyoka, anachitanso.

Tsiku limene anavomereza silinasiyane ndi ena. Mlembi anatulutsa mutu pawindo, anatchula dzina la Dona molakwika, n'kuwapatsa pepala lodindidwa. Anali akutafuna chinangwa. Dona analiwerenga, analipinda, ndipo anati, "Katengeni mlongo wanu."

Ndinapeza Selina atavala yunifolomu ya sukulu. Jenoveva anali kumunda. Sanafunse kanthu. Anasamba, anavala chitenje chake cha kutchalitchi, anasiya mwana kwa mayi athu aang'ono, ndipo tinanyamuka. Tinadzera kwa Sista Benedita, ndipo ndiye anamuyesa, ine ndikutchula mawu. Nsidze sinakwere, diso silinatsinzine, tsaya silinagwedezeke. Nambala yake inali ya pansi penipeni. Anaidinda, ndipo ulendo uno palibe amene anaibweza.

Kuchipatala chachikulu anatilandira tsiku lomwelo. Dokotala anali wachinyamata, waulemu, wa manja oyera. Anawerenga nambala, anagwedeza mutu, anaunika diso ndi kanyali, anagwiragwira tsaya. Kenaka analankhula, ndipo ine ndinayenera kutanthauzira.

Anati minofu ya mbali imeneyo yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, yafota, ndipo ngakhale atalumikiza mtsempha palibe choti udzutse. Anati diso lachita chipsera mpaka mkati, silidzaonanso. Chimene akanatha ndi kusoka zikope kuti litsekeke, lisiye kuuma ndi kuwawa. Ndinanena zonsezi m'Chichewa, liwu ndi liwu, ndikuyang'ana khoma.

Dokotala anapumira m'mwamba n'kuwonjezera mawu ena.

"Akuti chiyani?" anafunsa Jenoveva.

"Akuti mukanabwera msanga."

Jenoveva anagwira tsaya lake ndi dzanja kuti mawu amveke bwino. "Muwauze kuti ine ndinabwera msanga. Mwana anali wa kumbuyo. Muwauze momwemo, achimwene, musakometse."

Ndinawauza momwemo. Dokotala anayang'ana tsiku limene linalembedwa pa khadi lake loyamba, lija la kuchipatala cha pamalire, lomwe linali litasanduka lofiirira. Kenaka anafunsa ngati Jenoveva akuvomera kusokedwa.

"Asoke," anatero Jenoveva. "Ndatopa nalo."

Anamusoka m'mawa mwake. Sizinatenge nthawi. Anagona tsiku lonse ndi lotsatira lake, osatembenuka, moti namwino ankabwera kudzamugwira pamkono. Atadzuka anati sanagonepo chotero chibadwire Selina.

Tsiku lotuluka tinakhala pabenchi ya pakhonde kudikira mankhwala. Pafupi nafe panakhala mayi wachitsikana, khanda lili pamiyendo. Mbali imodzi ya nkhope yake inali italendewera, ndipo m'manja anali ndi pepala limene ndinalizindikira ndili patali. Anali akuyesa kumwa madzi a m'botolo, koma ankatayikira pa mwana.

Jenoveva anasendera pafupi. "Gwirani apa ndi chala, mukanikize mlomo. Tsopano imwani."

Mayiyo anamwa, ndipo madzi sanatayike.

"Zayamba liti?"

"Mwezi wathawu. Kwathu anandiyesa, akuti ndibwere kuno msanga chifukwa cha disoli. Anandiuza kuti ndinunkhize dzira lovunda." Anayesa kuseka, kenaka anatseka pakamwa ndi dzanja.

"Akakuuzani kuti mubwere mawa, musachoke," anatero Jenoveva. "Mukhale pomwepa."

Chitseko chinatseguka, namwino anaitana dzina, ndipo mayiyo ananyamula mwana wake n'kulowa. Jenoveva anayang'ana chitsekocho ndi diso lake limodzi mpaka chitatsekedwa.

"Ameneyu lake lipulumuka?"

"Lipulumuka," ndinatero.

Ine ndinkafuna kuti Jenoveva akalipe, atukwane, andimenye ngakhale ndi botolo lija. Iye anangomanga bwino chitenje chake n'kuimirira.

"Mukhale mbali yakumanja, achimwene," anatero. "Kumeneko sindiona galimoto."

Ndinadutsa kumbuyo kwake n'kuima kumanja, ndipo tinatuluka pageti kulowa mumsewu.